Dzanja lamanja likukana sizasi chichitikireni sitiroko, ndibwerera bwanji pa makina?

TelalaWapakhonde

Moni nonse muno. Pepani ndilemba zambirimbiri komanso ndikulemba ndi chala chimodzi cha kumanzere nde pena pakalakwika mungomva choncho. Ine ndine telala, zaka 48, ndakhala ndikusoka pakhonde la sitolo ina yake ku Ndirande kuyambira 2003, makina anga ndi a Butterfly opalasa ndi miyendo aja. Mwezi wa February ndinadzuka bwinobwino, ndili pakati pomwa tiyi kapu inangopulumuka mmanja, ndikati ndiitane mayi akunyumba lilime lolemera mawu osatuluka, iwo akuti pakamwa panali patapotokera mbali imodzi. Ananditengera kuchipatala pa galimoto ya aneba, BP anaipeza itapitirira 190, atandijambula mutu anati ndi sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha osati ija yophulika. Ndinagona mu wodi masiku 9. BP yo ndinkadziwa kuti ndili nayo koma mankhwala ndinkamwa mutu ukamapweteka basi, ndisaname.

Pano yakwana miyezi inayi. Mwendo unabwerera, ndikumayenda mpaka kumsika opanda ndodo, kuyankhula nakonso kuli bwino kungoti ndikatopa mawu amakokeka pang'ono. Vuto ndi dzanja lamanja, lomwe ndimadyera. Mkono ndikutha kuukweza mpaka kufika pa phewa, chigongono chikupinda, zala kufumbata zikufumbata koma kuti zitseguke ndiye nkhondo, zimatseguka pang'onopang'ono ngati zikuchita kukakamizidwa ndipo mmawa ndimadzuka zitapindikira mkati. Chala chachikulu ndi cha mkombaphala zimakumana mwa apo ndi apo. Sizasi ndikalowetsa zala ndimatseka kamodzi basi kutsegulanso ayi. Ulusi pa singano musanene nkomwe. Usiku phewa limawawa ndikagonera mbali imeneyo.

Ku mafizo ndinapitako kanayi kenako thiransipoti inandivuta. Chomwe ndikupanga pakhomo ndi kufinya kampira ka tenesi tsiku lonse, mwana wanga anandigulira, koma ndikuona ngati zala zikungoumirabe.

Chandilembetsa ndi ichi. Eni sitolo andiuza mwaulemu ndithu kuti pali mnyamata wina akufuna khondelo, andidikira mpaka August. Ndipo September sukulu zikutsegulira, nyengo ya mayunifolomu imeneyo, ndi imene ndimapezera fizi ya ana anga omwe. Anthu akundiuza zosiyanasiyana, ena akuti ikangokwana miyezi 6 ndiye basi dzanja lomwelo mpaka kalekale, achibale kumudzi akuti munamenyedwa hamala bwerani tikutemereni mphini. Ine ndikufuna kumva kwa amene zinawachitikira kapena odziwa za mafizo, zoti miyezi 6 ndi malire nzoona? Nanga kupatula kampiraka ndizipanga chani? Alipo muno anabwerera pa ntchito yamanja sitiroko itawagwira?

Nachisale_mafizo

Bambo pepani ndi zimene mwadutsamo. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, koma ndinene poyamba kuti kuno sindingakuyezeni, nde zimene ndilembezi mukazitsimikize ndi amene akugwireni mkonowo pamaso.

Za miyezi 6 zo anthu amazimva mopotoka. Choona nchakuti kuchira kumathamanga kwambiri miyezi itatu yoyambirira, kenako liwiro limatsika, koma chitseko sichitsekedwa tsiku lokwana miyezi 6. Dzanja lanulo silinathyoke, minofu ilipo, chinavulala ndi kagawo ka ubongo kumanzere kamene kamalamula mbali yamanja, ndiye mbali zina za ubongo zimatha kuphunzira ntchito imeneyo ngati mukuzipatsa ntchitoyo kambirimbiri. Ndipo mwa zonse mwalembazi mawu andisangalatsa ndi akuti zala zimatseguka pang'onopang'ono. Kwa ife chimenecho ndi chizindikiro chachikulu, munthu amene zala zikutseguka ngakhale pang'ono chabe amakhala ndi poyambira.

Kampirako kasiyeni kaye. Sitiroko ikachitika minofu yofumbatira imakhala yamphamvu kale kuposa yotsegulira, nde mukamafinya tsiku lonse mukudyetsa mbali imene yakhuta kale. Inu chikukusowani ndi kutsegula ndi kusiya chinthu. Sizasi mwanena nokha, kutseka mukutseka.

Mmawa musanayambe chilichonse, khalani patebulo, tambasulani zalazo ndi dzanja lamanzere mofatsa osati mothyola, muike chikhatho pathabwa zala zitawongoka, kenako mutsamire pang'ono kuti thupi lilemere pa dzanjalo, muwerenge mpaka 30, mupume, mubwereze. Zimathandiza kuti kukungika kuchepe kwa kanthawi, ndipo kanthawi kameneko ndi kamene muzigwiritsa ntchito.

Tsopano ntchito yeniyeni. Ubongo umaphunzira chimene ukupanga, ukamafinya mpira umaphunzira kufinya mpira. Inu mukufuna kusoka nde utelala womwewo muuphwanye tizidutswa. Yalani chitenje patebulo muzichisalaza ndi chikhatho chamanja, kuchoka pafupi kupita kutali, ngati mmene mumachitira musanadule. Pindani nsalu ndi manja onse awiri. Tolani mabobini mmodzimmodzi kuchotsa mmbale iyi kuika mmbale iyo, ndipo maso anu akhale pa kusiyako, chala chitseguke bobini igwe yokha osati kuigwedezera pansi. Zikayamba kuphweka pitani pa mabatani akuluakulu a majasi aja, kenako a malaya, kenako nyemba, mapini akhale omaliza. Zitsekerero za mabotolo, mapegi oyanikira zovala, kutembenuza makhadi, kukoka tepi yoyezera, kujambula mzere ndi choko pansalu, zonsezi nzaulere. Chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi chiwerengero, amapanga ka 10 nkumati ndapanga mafizo. Pamafunika kubwereza mazanamazana patsiku, koma mogawa, mphindi 15 kapena 20 kenako kupuma, kanayi kasanu patsiku. Tengani kope muzilemba, lero mabatani angati pa mphindi imodzi. Kusintha kwa tsiku ndi tsiku sikuoneka ndi maso ndipo anthu amagwa ulesi chifukwa cha chimenecho, koma kope silinama.

Mukaona kuti potola batani phewa likukwera kukafika kukhutu kapena thupi lonse likupendekera kutsogolo, chinthucho chakukulirani, bwererani pa chophwekerapo.

Palinso vuto lina limene ndikuganiza kuti layamba kale kwa inu, dzanja lamanzere lalanda ntchito zonse. Limafulumira nde mumangolitumiza osaganiza, lamanja nkumaiwalika. Pali njira imene anaiyambitsa wofufuza wina wa ku America, Edward Taub, yomanga dzanja labwino kuti lodwalalo likakamizike kugwira ntchito, poyambirira ankapanga maola 6 patsiku kwa masabata awiri. Pakhomo simungafike pamenepo koma mutha kuvala sokosi ku dzanja lamanzere ola limodzi muli chikhalire patebulo nkumapanga zija ndatchulazi. Muli chikhalire ndatero, osati poyenda kapena pafupi ndi mbaula. Njirayi imayenera okhawo amene dzanja likutha kudzuka pang'ono povalira wotchi ndipo zala zikutsegukako, nde akakuoneni kaye. Ina ndi ya galasi, mumaimika kalilole pakati pa manja awiri, lodwala libisike kuseri, inu nkumayang'ana chithunzi cha lamanzere likutsegula ndi kutseka, ubongo umaona ngati lamanja ndi limene likuyenda. Mphindi 15 zokwana. Amene muli ndi mwana wodziwa intaneti, afufuze pulogalamu yotchedwa GRASP ya ku University of British Columbia ku Canada, ndi timabuku ta zithunzi ta mafizo a mkono opangira pakhomo pafupifupi ola limodzi patsiku.

Phewa lokha ndikupempheni, wina asakukokeni mkono umenewo pokudzutsani, ndipo zija zomangirira chingwe kudenga nkumakoka mkono mmwamba musapange. Minofu yogwira phewa ikafooka fupa limatsika pang'ono pamalo pake ndipo kukoka kumavulaza. Pogona ikani pilo pansi pa mkono, pokhala uzikhala patebulo osati kulendewera. Ululuwo ukakhala ukukula nkofunika akauone.

Yesaninso ngati dzanjalo likumva bwino kutentha ndi kubaya, mutseke maso wina akukhudzeni ndi sipuni yozizira ndi yofunda. Ndikunena chifukwa cha simbi yamakala ndi singano, ena amapsa osadziwa.

Poti muli ku Blantyre, Kachere Rehabilitation Centre ili pafupi ndi Queens pomwepo, komanso ku Queens kuli dipatimenti ya mafizo. Ngakhale mutamapita kamodzi pamwezi, muwauze mosabisa kuti ndine telala ndikufuna kubwerera pa makina pofika September, akupatseni zokapanga kunyumba zogwirizana ndi zimenezo. Mukapeza wa OT, amene ntchito yawo ndi kubwezeretsa munthu ku ntchito zake za tsiku ndi tsiku, ndiye bwino kwambiri ngakhale alipo ochepa mdziko muno.

Ndipo mankhwala a BP tsiku lililonse bambo, mutu uwawe usawawe. Amene anadwalapo sitiroko ali pachiopsezo chodwalanso, ndipo yachiwiri ikhoza kufufuta zonse mwavutikirazi.

MadamWaStd6

Achimwene ine zinandichitikira ndili ndi zaka 41, ndimaphunzitsa pa sukulu ina yapulaiveti ku Lilongwe. Yanganso inagwira kumanja. Ndinabwerera mkalasi patatha miyezi 7 ndipo ndikuuzeni zoona dzanja linali lisanachire, mpaka lero zaka zitatu zadutsa silinafike mmene linalili, kukazizira mwezi wa June zala zimauma. Koma ndikulemba pabolodi, ndikuchonga makope.

Chimene ndinachedwa kumvetsa nchakuti ndinkadikira kuti dzanja lichire kaye ndiye ndiyambe kulemba. Miyezi itatu yathunthu ndinangokhala kudikira. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anabweretsa kabolodi kakang'ono nkukakhoma pakhonde, choko tinachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chinenepe chigwirike, ndinayamba ndi mizere yoimirira ngati mwana wa Sitandade 1, kenako zozungulira, kenako a e i o u. Tsiku loyamba choko chinagwa kaya kangati, ndinalira ndithu mpaka aneba anabwera. Patatha mwezi ndinalemba dzina langa lonse, lokhotakhota koma lowerengeka, chithunzi chake ndikadali nacho mufoni. Nde zimene anena a Nachisale zoti muphwanye utelala tizidutswa ndikuvomereza ndi mtima wonse, musadikire.

Chinthu china chimene palibe anandichenjeza ndi kutopa. Sikutopa kwa masiku onse ayi, kumangobwera ngati wina wazimitsa magetsi, 11 koloko mmawa mutu osagwiranso, dzanja nalo limayamba kufumbata lokha. Nditabwerera ndinayamba ndi mapiriyodi awiri okha mmawa, kenako atatu, mpaka tsiku lonse patatha teremu. Inu mukadzabwerera pakhondepo musadzayambe ndi 7 mpaka 5, yambani maola awiri atatu ammawa mphamvu zikadalipo, ndipo musalandire maoda a ukwati okhala ndi tsiku, kupanikizika kumaumitsa dzanja kuposa china chilichonse. Ine ndikangokwiya kapena kuchita mantha zala zimapindika nthawi yomweyo.

Kwa ena amene akuwerenga muno olembedwa ntchito, dziwani kuti Employment Act ya 2000 imati ukagwira ntchito miyezi 12 pamalo uli ndi ufulu wa tchuthi chodwala masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro pachaka, bola kalata ya dokotala. Ine sindinkadziwa, kuntchito anangondidula malipiro mwezi woyamba womwe, mpaka mlamu wanga anandiperekeza ku ofesi ya zantchito ndiye zinakonzeka. Kalata ya dokotala ija ndinapemphanso kuti alembemo zoti ndikhoza kugwira ntchito koma moyamba pang'onopang'ono, inandithandiza kwambiri pokambirana ndi akuluakulu.

Komanso achimwene mtima. Ine ndinafika posafuna kuonana ndi anthu, kutchalitchi ndinasiya chifukwa cha manyazi opereka moni ndi dzanja lamanzere. Mukaona tulo tikusowa, chakudya osachifuna, kumangolira, kauzeni adokotala, nazonso ndi mbali ya matendawa ndipo thandizo lake lilipo.

Mwana_wa_kalipentala

Ine ndingoikapo mbali inayo kuti nkhani ikhale yonse, osati kukugwetsani mphwayi bambo. Bambo anga anali kalipentala ku Kasungu, sitiroko yawo inali ija yophulika mtsempha, ndipo dzanja lawo silinabwerere. Zala sizinatsegukepo ngakhale kamodzi. Nde si onse amene amachira dzanja, ndipo sikuti iwo anali aulesi ayi, anayesetsa.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi miyezi isanu yoyambirira imene tinataya. Achibale anati ndi hamala, tinawatengera kwa asing'anga awiri, mkono wonse mphini kuyambira paphewa mpaka pachikhatho, zina zinatukusira mpaka mafinya. Kenako kunabwera wina wogulitsa mabotolo a mankhwala akuti otsuka mitsempha, tinagulitsa mbuzi zitatu. Nthawi yonseyo mankhwala a BP anali atasiya chifukwa anauzidwa kuti osaphatikiza. Pamene tinkafika ku mafizo chigongono chinali chitauma kale chopindika, zikhadabo zikulowa mchikhatho, mkati mwa dzanja mukununkha chifukwa sitinkatha kutsegula kuti tisambitse. Wa mafizo uja anangotiyang'ana nkufunsa kuti munali kuti.

Kumudziko ayankheni mwaulemu koma musapite kukatemedwa. Kupemphera pempherani, ifenso timapemphera, koma mapilitsi ndi mafizo osasiya.

Ntchito anabwererabe mwa njira ina. Maso ndi mutu zinali bwinobwino, nde amayeza ndi kujambula ndi dzanja lamanzere, kuwerengera matabwa, kukambirana mitengo ndi makasitomala, anyamata awiri ndi amene amapala ndi kukhoma. Thabwa amalipanikiza ndi chipanira mmalo mwa dzanja. Shedi ikuyendabe mpaka pano. Inu zala zikutseguka nde muli patsogolo kwambiri kuposa mmene analili iwo, koma khondelo musalitaye podikira dzanja.

AnambewePaSinger

Mnzanga wa ntchito, ine ndimasoka ku Mzuzu zaka 20 tsopano. Sitiroko sinandigwirepo koma ndinathyokapo dzanja lamanja pa ngozi ya kabaza, miyezi itatu lili mu pulasitala nde ndinaphunzira kusoka ndi dzanja limodzi ndi theka. Ndikudziwa kuti sizofanana koma zina zikhoza kukuthandizani.

Taganizani bwino, pa makina opalasa ntchito yaikulu ndi ya miyendo ndi dzanja lamanzere, ndi limene limagwira nsalu yambiri. Lamanja ntchito yake kuyambitsa wilo, kuwongolera mphepete mwa nsalu, kutsitsa ndi kukweza kachitsulo kopanikiza nsalu kaja. Zonsezi sizifuna zala zochenjera kwambiri, wilo mutha kuikankha ndi chikhatho. Nde kusoka msoko wowongoka mwina muli nako pafupi kuposa mmene mukuganizira. Chovuta ndi kudula, kulowetsa ulusi, mapini, mazipi ndi mabatani.

Yambani opanda singano, ingopalasani nsalu ikuyenda manja onse ali pamwamba. Kenako ikani singano opanda ulusi, mutenge pepala la mkope muzitsata mizere, timabowo tikuuzani ngati mukukhota, mmene tinkaphunzirira kalekale muja. Zala zamanja zikhale patali ndi singano mpaka mutatsimikiza kuti zikumva bwino.

Kudula, musavutike ndi sizasi yanu yakale ku dzanja lamanzere, imatafuna nsalu ndipo mpeni wapamwamba umabisa mzere wa choko. Ilipo sizasi yopangidwira amanzere, komanso ilipo ina ya sipuling'i imene imatseguka yokha iwe nkumangotseka, imeneyo ndiye yanu ndendende poti mwati kutseka mukutha. Funsani mmasitolo a zosokera ku Limbe kapena amene amapita ku Joni ndi ku Dar es Salaam akubweretsereni. Mmalo mwa mapini podula ine ndinkatsamiritsa nsalu ndi miyala yosalala ya kumtsinje inayi, mpaka lero sindinasiye. Ulusi pali kawaya kolowetsera kaja kamabwera mpaketi ya masingano, ambiri timangokataya.

Za khonde, bwanji mnyamata akulifunayo kapena wina amene wangomaliza kumene maphunziro a utelala mugwirizane naye? Iye azidula ndi kuika mazipi, inu muziyeza makasitomala, kujambula ndi choko ndi kusoka misoko yowongoka, ndalama muzigawana. Makasitomala a mayunifolomu amabwera chifukwa cha dzina lanu la zaka 20 zija, mnyamatayo alibe zimenezo nde nayenso apindula. Mugwirizane pamaso pa eni sitolo ndipo mulembe papepala kuti khonde ndi lanu. Poyamba landirani zophweka, kupinda mathalauza, mapilokesi, makatani, masiketi a yunifolomu. Makolala a malaya adikire kaye.

Chembe_Leeds

Ankolo ine ndimasamalira okalamba kuno ku UK, ambiri mwa iwo ndi a sitiroko. Kuno munthu sabwerera kuntchito kamodzinkamodzi, amayamba masiku ochepa maola ochepa nkumaonjezera, ndipo ngakhale galimoto saloledwa kuyendetsa mwezi woyamba. Nde zimene anena amadamu zija ndi mmene zimayendera ngakhale kuno. Chimene ndaona ine ndi maso anga, amene dzanja limapita patsogolo ndi amene amaligwiritsa ntchito pa tinthu ta pakhomo, kutsegula chitseko, kugwira buledi podula, kupukuta tebulo, kusamba kumaso ndi manja onse. Auzeni anti asamakupangireni chilichonse, chikondi chimenecho chimapha dzanja. Muchedwe kumanga batani koma mumange nokha.

Mchere achepetse mndiwo, a WHO amati osapitirira magalamu 5 patsiku, ndi kasipuni kamodzi ka tiyi basi pa zakudya zonse. Ndipo onse pakhomo adziwe, mukadzaona pakamwa papotokanso, mkono wafooka mwadzidzidzi kapena mawu asokonekera, kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.

TelalaWapakhonde

Ndabweranso patatha masabata atatu, zikomo nonse ndinawerenga kangapo mpaka mayi akunyumba ndinawawerengera. Kampira ndinapatsa adzukulu. Ku mafizo ndinapita, ndinanena mmene munandiuzira a Nachisale kuti ndine telala, anandiyeza nkupeza kuti nsonga za zala ziwiri sizikumva bwino kutentha nde simbi andiletsa kaye, akusita ndi mwana wanga. Phewa anati latsikadi pang'ono, andionetsa kagonedwe ndi pilo ndipo usiku ndikugonako tsopano.

Kope ndinayamba. Tsiku loyamba mabobini 4 pa mphindi imodzi, dzulo 11. Mabatani a malaya akundivutabe, ndikawatola amakakamira pachala osagwa. Makina tinawabweretsa kunyumba pa wilibala, ndayamba za pepala zija mayi Nambewe, mizere yoyamba timabowo timapita uku ndi uku koma Lachiwiri ndinasoka pilokesi yathunthu ndi ulusi, inanditengera pafupifupi ola chinthu chimene kale chinali cha mphindi 10, mayi akunyumba aiika pa pilo wanga yemwe ndimatsamiritsa mkonoyo. Sizasi ya sipuling'i sindinaipeze, ndatuma mlamu wanga amene akubwera kuchokera ku Joni kumapeto a mwezi. Mnyamata uja takumana, wavomera zogawana, tikalemba Loweruka pamaso pa eni sitolo.

Funso lina a Nachisale, ndikapanga kwambiri madzulo dzanja likumatupa pamwamba pa chikhatho ndipo zala zimauma kuposa mmawa. Ndiye kuti ndikuononga kapena ndipitirize?

Nachisale_mafizo

Kuchoka pa 4 kufika pa 11 mmasabata atatu ndi nkhani yabwino bambo, kopelo mupite nalo ku mafizo akalione. Kuuma kwa madzulo nthawi zambiri ndi kutopa, chepetsani kutalika kwa nthawi koma osati masiku, zovuta monga mabatani muzipanga mmawa, madzulo zikhale zosalaza nsalu ndi kutambasula zala basi. Kutupako, mukamapuma dzanja lizikhala pa mapilo lokwera kuposa chifuwa, wina azilisisita mofatsa kuchokera kunsonga za zala kulowera kuchigongono, ndipo ngati mwavala mphete ivuleni. Koma likatupa nkumatentha, khungu kusintha mtundu kapena kuwawa kwambiri mukangolikhudza, kapena mkono wonse ukatupa, musadikire tsiku la mafizo pitani akakuoneni. Batani lokakamira pachala, yesani kaye kulisiya pamphepete pa mbale kuti mbaleyo ikuthandizeni kulichotsa, ndipo manja akhale ouma, thukuta nalo limagwiritsa. Loweruka mukakakhala pakhondepo mupemphe mpando wokhala ndi poika mkono.